Mawaya a Malemu Kangaude

Lolemba m'mawa Chikwama atatsegula kachipinda ka pansi pa masitepe, anapeza kuti makompyuta asanu ndi awiri asamuka usiku popanda wowatuma.

Kwa munthu wosadziwa ntchitoyi mawuwa angamveke ngati a chidakwa, choncho tiyambe tafotokoza. M'kachipindako, kozizira ngati m'mochale, munali maseva atatu, makina aakulu osanjikizana m'kabati yachitsulo. M'mimba mwa seva iliyonse munkakhala makompyuta opanda thupi, opanda sikirini, opanda batani loti munthu adine. Ina inkalemba mankhwala olowa m'depoti, ina inkatulutsa mapepala a katundu wa magalimoto, ina inkayendetsa makalata a mu ofesi. Ankakhala ngati alendi, anthu ochita lendi m'nyumba za eni. Katundu wawo ankasunga kunja, m'bokosi la madisiki lomwe aliyense ankalitcha nkhokwe, ndipo ukafuna kukonza seva imodzi unkawasamutsira m'inzake ali chigwirire ntchito, wa mu ofesi osazindikira kanthu. Maseva atatuwo ankanong'onezana usana ndi usiku kudzera m'mawaya kuti ndilipo, ndilipo. Imodzi ikakhala chete, zinzake zinkati yafa, n'kutenga alendi ake.

Ndiye alendi ankasamuka ukawauza, kapena nyumba yawo ikafa. Koma m'mawa umenewo seva yoyamba inali moyo. Tinyali take tinkaphethira bwinobwino, mphepo yake inkauluza tsitsi la pa mkono. M'kati mwake munali mbee, ngati m'nyumba yomwe anthu athawamo atamva chinachake pa denga.

Chikwama anatukwana chapansipansi, nawabweza alendiwo mmodzimmodzi.

Anali munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wopanda pepala lililonse la sukulu ya ntchitoyi. Anayamba ndi mawailesi pa makonde a masitolo, masiku omwe chinthu chikafa unkachinunkhiza n'kudziwa chomwe chapsa. Anakokapo mawaya a lamya ku migodi, anagonapo pansi pa matebulo a mashopu a intaneti m'matauni a m'malire, akuwerenga mabuku oiwalidwa ndi eni ake. Masiku amenewo ankawakumbuka ndi mtima wowawa, chifukwa bwana akakuyankhula mwachipongwe unkangonyamula chako n'kukwera basi yoyamba. Dzina loti Chikwama linachokera pomwepo, pakuti chikwama chake sichinkachoka pansi pa tebulo, chili chimangire. Koma chaka chathacho mkazi wake anamuyankhula mawu omwe analibe khomo lotulukira.

"Ndatopa kukhala mkazi wa msewu. Mukamaliza chaka pa ntchito imodzi, ndibwera ndi ana. Likaperewera tsiku limodzi, nambala yanga muifufute."

Kunatsala masabata atatu.

Kachipinda ka pansi pa masitepe anakalandira miyezi iwiri yapitayo, mwini wake atamwalira. Mwini wakeyo anthu ankamutcha Kangaude, chifukwa cha mmene ankalukira mawaya kumbuyo kwa kabati. Anamupeza m'mawa wina atakhala pansi kuseri kwa seva yoyamba, msana atatsamira khoma, waya ali m'manja, thupi litauma kale ndi kuzizira. Chikwama sanamudziwe bwino, koma ntchito yake anaida kuyambira tsiku loyamba. Seva iliyonse inali ndi makhadi awiri a netiweki olowetsamo mawaya, la pamwamba ndi la pansi, lililonse la mabowo awiri. Mabowo anayi, mawaya anayi, chinthu chosavuta. Koma malemuyo anawapingasapingasa, wachikasu pamwamba, wachikasu wina pansi, woyera uku, wabuluu uko, n'kuwamanga ndi tizingwe ta makatoni.

Loweruka lapitalo Chikwama anazula zonse. Achikasu awiri, opita kunkhokwe, anawaika pamodzi pa khadi la pansi. Woyera, wa anthu a mu ofesi ndi kunong'onezana kuja, anamuika pa khadi la pamwamba, pambali pa wabuluu wosamutsira alendi, ndipo anakonza kuti woyera akafa wabuluu asenze ntchito yake. Mawayawo anawagawa ku maswichi awiri, mabokosi omwe mawaya onse amakumanirana, kuti swichi imodzi ikapsa ina igwire. Anaima patali n'kuyang'ana mizere yowongoka ngati ya asilikali, nati mumtima, tsopano muno mwalowa munthu.

Lachiwiri m'mawa alendi anali atathawanso. Ulendo uno kompyuta ya mapepala a katundu inakomoka ili pa ulendo, ndipo magalimoto khumi ndi anayi omwe amanyamuka 4 koloko m'bandakucha kukagawa mankhwala ku zipatala anachedwa ola lathunthu. Chikwama anapeza madalaivala atatsamira matayala pa bwalo. Wamkulu wawo, mdala wa mimba yaikulu yemwe ankatchedwa Mabuleki, anamukodola ndi chala.

"Achimwene a mawaya, tabwerani. Mwagona bwanji? Ife sitinagone ayi, timakuyembekezerani."

"Ndikukonza."

"Mukukonza. Zaka zisanu ndi zitatu za Kangaude sitinachedwepo ndi mphindi imodzi." Mabuleki anatsitsa mawu, anzake n'kusendera pafupi. "Ndamva munamasula mfundo zake."

"Ndinachotsa chisa cha makoswe."

"Hmm. Mlonda akuti dzulo cha m'ma 2 koloko usiku anamva munthu akutsokomola pansi pa masitepe. Kutsokomola kwa fodya kuja. Chitseko chili chokhoma."

"Mlonda wanuyo asiye kumwa pa ntchito."

"Mlondayo ndi mkulu wa mpingo, achimwene. Koma inu ndinu odziwa, ife timangodziwa giya."

Anzake anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma, ndipo palibe amene anayang'ana ku masitepe. Tsiku lonselo nkhani inayenda m'depoti ngati moto wa m'udzu. Ena ankati nyali ya m'kachipindako imayaka yokha. Wina wa ku makatoni anati malemu sanaikidwe ndi magalasi ake, ndiye amabwera kudzawafuna. Chikwama ankamva zonsezi akudutsa, mano ali chilumire. Anasintha mawaya onse a seva yoyamba n'kuika atsopano. Anayeza bowo lililonse. Zonse zinali bwino.

Lachitatu m'mawa magalimoto ananyamuka nthawi yake. Chikwama anatsika masitepe akuimba mluzu, natsegula chitseko ndi kiyi wake, nazungulira kuseri kwa kabati. Mluzu unathera m'kamwa.

Mawaya a seva yoyamba anali atapingasidwa. Wachikasu mmodzi anali pamwamba pambali pa woyera, wabuluu atatsikira pansi, onse atamangidwa ndi kachingwe ka katoni, mfundo yake yopindika kawiri ngati zomwe iye anadula ndi mpeni Loweruka. Anathamangira pa sikirini. Kusuntha waya kokha sikukwanira, seva imafunika kuuzidwa m'kati kuti bowo ili tsopano ndi la ntchito yakuti. Ndipo inali itauzidwa. M'kaundula momwe seva imalemba aliyense wolowa munali mzere umodzi wa 1:52 usiku, pa dzina lolowera la Kangaude. Dzinalo Chikwama analifufuta ndi dzanja lake sabata yoyamba atalandira kachipindako.

Mantha sanamugwire nthawi yomweyo. Chomwe chinamugwira ndi ukali. Wina ankamuseweretsa. Wina wa m'depoti momwemo, wodziwa kuti iye alibe pepala, ankafuna amuonetse ngati chitsiru, kuti anthu azinena kuti ngakhale wakufa akumuposa. Anazula mawayawo mwankhanza mpaka kamodzi ka timano ta pulasitiki kanathyoka. Anabwezera mizere yake yowongoka, anasintha mapasiwedi onse, anafufuzanso dzina la malemu n'kupeza kuti kulibe. Masana anapita ku sitolo ya zitsulo, nagula loko watsopano wolemera ngati mwala, namukhomera yekha. Kiyi wachiwiri anamuponya m'thumba la malaya limodzi ndi woyamba.

Lachinayi lamya inamudzutsa 3 koloko.

Anapeza bwalo lonse litawala ndi nyali za magalimoto, injini zikulira pachabe. Ulendo uno zinali zoipa kuposa kale. Seva yoyamba inakhala chete, zinzake zinati yafa n'kudzutsa alendi ake m'nyumba zawo, koma iyo sinafe. Inali ikulembabe m'nkhokwe. Choncho kompyuta imodzi ya mankhwala inakhala ziwiri, iliyonse ikudziyesa yeniyeni, zonse zikulemba pa tsamba limodzi ngati achibale olimbirana katundu wa munthu amene akupumabe. Kaundula wa mankhwala anasanduka phala. Chikwama anatuluka thukuta m'chipinda chozizira chija mpaka 11 koloko, akubwezeretsa zonse kuchokera pa kope la dzulo lake, kunja madalaivala akuimba mahutala.

Manijala anamuitana masana. Anali munthu wocheperapo msinkhu, waulemu wake wobaya, ndipo sanamuuze kuti akhale pansi.

"Bambo, chipatala china chatumiza galimoto yawo kudzatenga okha mankhwala a ana. Mukudziwa zomwe ndawauza? Ndilibe chomwe ndawauza."

"Pali munthu akulowa m'chipinda changa, bwana."

"Dzulo munasintha loko. Walowa ndani usiku wathawu?"

Manijala sanadikire yankho.

"Ndinakutengani opanda satifiketi chifukwa manja anu ndinawaona. Koma ndinauzidwanso kuti inu zinthu zikavuta mumasowa. Ndiye ndikuthandizani. Mawa galimoto imodzi yokha ikachedwa, musavutike ndi kusowa, ndikutulutsani ndine."

Potuluka anadutsa m'holo ya makatoni. Anthu anaweramira ntchito zawo, kupatula mayi mmodzi wochepa thupi, wa mpango wakuda, amene ankamata mapepala pa makatoni. Anali mkazi wa Kangaude. Depoti inamusiya pa ntchito yake ya usiku mwamuna wake atamwalira, ndipo tsikulo anali asanaweruke chifukwa cha chipwirikiti chija. Anamuyang'ana Chikwama nthawi yaitali, osati mwachidani, koma ngati mmene umayang'anira mwana akusewera pafupi ndi chitsime.

Madzulo mkazi wa Chikwama anaimba lamya.

"Mawu anu akumveka ngati a munthu woyang'ana msewu."

"Sindikupita kulikonse."

"Ana ayamba kale kufunsa ngati kumeneko kuli sukulu yapafupi. Ndiwayankhe chiyani?"

"Uwauze kuti ilipo."

Usiku umenewo sanapite kunyumba. Anasiya loko ali pendapenda, osakhoma, nazimitsa nyali ya m'kachipindako, nadzipanikiza pakona pakati pa khoma ndi mabatire aakulu, sipanala ili m'manja. Ankafuna nkhope. Ankafuna munthu woti amugwire pakhosi n'kumukokera mu ofesi ya manijala, akulira.

Mdima wa m'chipinda cha maseva si mdima weniweni. Muli tinyali mazanamazana tobiriwira ndi tachikasu, tophethira mosagwirizana, ndipo ukatiyang'ana nthawi yaitali timayamba kuoneka ngati maso a tinyama tobisala m'tchire. Mphepo ya makina inkalira mawu amodzimodzi osapuma. Makina oziziritsa pa khoma ankati akapuma n'kuyambanso ndi kubuula, mpweya wake ukuwomba molunjika kumbuyo kwa seva yoyamba. Kumtunda kunkamveka ngolo ya makatoni ikukwekwesa simenti, kenako nayo inaleka. Zala za Chikwama zinachita dzanzi. Anakumbuka usiku wina kalekale, ali mnyamata, atagona pa siteshoni ya sitima wopanda bulangete koma wopandanso munthu womuwerengera masiku, ndipo anadzida chifukwa cholakalaka usiku umenewo.

Itangodutsa 1 koloko ndi theka, masitepe analira. Phazi limodzi, kenako lina, mosathamanga. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo fungo linalowa lisanalowe thupi, fungo la fodya wopichira wozimitsidwa kale. Munthu wamfupi anadutsa pafupi ndi Chikwama kwambiri moti nsalu yake inamukhudza bondo, nazungulira kuseri kwa kabati, natsegula chitseko chake chachitsulo. Tochi inayaka.

Pomwe anabisala, Chikwama ankaona msana wokha ndi mpango wakuda. Chitseko cha kabati chinkabisa zotsalazo. Mayiyo anakweza tochi kufika pa phewa, naipendeketsa pang'ono, ngati wounikira munthu wamtali kuposa iye.

"Apa?" ananong'ona. Anadikira. "Pepani. Apa."

Kenako kunamveka kaphokoso kodziwika kwa aliyense wa ntchitoyi, ka mano a waya akutuluka m'bowo. Thee. Patapita kanthawi, kena, akulowa. Thee. Chikwama anawerenga kanayi. Kutsogolo kwa kabati, komwe kunalibe munthu, sikirini yomwe anaizimitsa yekha inayaka, kuwala kwake n'kugwera pa khoma.

Ukali unamudzutsa mantha asanamukhazike pansi. Analumpha, nagwira mkono wa mayiyo.

"Ndinu inu. Mfiti ya mawaya ndinu."

Mayiyo sanakuwe. Sanayese ngakhale kudzipulumutsa.

"Mukundipweteka, bambo."

"Ndikupwetekani zenizeni. Masiku anayi ndikutukwanidwa ndi madalaivala, mawa ndichotsedwa ntchito, banja langa likutha, chifukwa cha inu ndi maliro anu osatha. Ndinakulakwirani chiyani? Mwamuna wanu ndinamupha ine?"

"Simunamuphe. Mwangomunyoza."

"Ntchito yake inali nyansi."

"Tayang'anani kaye musanatukwane."

Anaunika kumbuyo kwa seva yoyamba. Mawaya anali atapingasidwa kale, kachingwe ka katoni katamangidwa, mfundo yopindika kawiri. Mayiyo analoza ndi chibwano khadi la pamwamba.

"Ilo ndi lodwala. Linayamba kalekale. Likazizidwa usiku limagona, mphindi imodzi, ziwiri, kenako limadzuka ngati silinachite kanthu. Masana mukaliyeza limakunamizani. Malemu amuna anga anapempha latsopano kangapo konse, anatopa. Ndiye ankati, ana a mimba imodzi usawatume ulendo umodzi. Inu woyera ndi womulowa m'malo wake munawaika pa khadi limodzi. Likagona, ayankhe ndani kuti ndilipo?"

Chikwama anasendera pafupi ndi kabati. Anayang'ana khadilo. Ali chiyang'anire, tinyali tiwiri ta pamwamba tinazima. Pansi, kanyali ka wabuluu kanayamba kuphethira mofulumira, katasenza ntchito ya woyera, wachikasu wa pansi nayenso akunyamula yekha za kunkhokwe. Maseva enawo sanatekeseke. Palibe mlendi amene anasuntha. Patapita mphindi imodzi ndi theka tinyali ta pamwamba tinayakanso.

Chikwama anali atagawa mawaya ku maswichi awiri n'kudzitama, osaona kuti kumene akuchokera ndi kumodzi. Zaka makumi atatu za ntchito, ndipo chomwe anachitcha chisa cha makoswe chinali nzeru ya munthu wodziwa chilema cha makina ake. Ukali wonse womwe anausungira mdani unasowa kopita, unangomutembenukira mwini wake. Anamenya khoma ndi sipanala mpaka pulasitala anagwa.

"Bwanji simunangondiuza? Pakamwa muli napo. Mumadutsana nane tsiku lililonse."

"Mukanamva? Mayi womata makatoni?"



"Chabwino," anatero Chikwama. "Mawaya anakuphunzitsani. Koma m'kati mwa seva mumalowa bwanji? Dzina lake ndinalifufuta. Mapasiwedi ndasintha dzana."

"Ine za m'katizo sindizidziwa, bambo. Sindinakhudzepo kompyuta chibadwire."

"Nanga mawayawa?"

"Sindinawakhudzenso."

Apa m'pamene Chikwama anayang'ana bwino. Dzanja lomwe analigwira lija linali ndi tochi. Linalo linali litagwira chitseko cha kabati, chomwe chimadzitseka chokha ukachisiya, ndipo zala zake zinali zitayera ndi kukanikiza. Anakumbukira msana womwe ankauyang'ana ali pakona. Mapewa ake sanagwedezeke ngakhale kamodzi pa kulira konse kwa mawaya.

"Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuwaunikira akamagwira ntchito usiku," anatero mayiyo. "Maso awo sankaona bwino mumdima. Ine ndimangogwira tochi."

Anamasula mkono wake mofatsa, nazimitsa tochi, natuluka. Fungo la fodya linatsala kanthawi, kenako nalo linamutsatira pa masitepe.

Chikwama sanapite kukayang'ana pa sikirini. Ankadziwa dzina lomwe akalipeze. Anakhala pa sitepe yomaliza, kunja kwa chitseko, mpaka anamva injini zikulira pa bwalo, imodzi, iwiri, mpaka khumi ndi zinayi, zikutuluka pa geti 4 koloko yeniyeni. Miyendo yake inkamuuza chinthu chimodzi chokha, chomwe yakhala ikumuuza moyo wake wonse, ndipo ulendo uno inali ndi chifukwa chomveka kuposa maulendo ena onse. Basi yoyamba inkanyamuka 5 koloko.

Sanaikwere. 8 koloko manijala anamupeza pa bwalo, namugwira dzanja pamaso pa anthu.

"Ndimadziwa kuti mukonza. Chinali chiyani?"

"Khadi la pamwamba. Likufunika latsopano."

"Tiona chaka chamawa. Ngati mwapeza njira yolizembera, zisiyeni choncho. Musakhudzenso."

Chikwama anavomera ndi mutu. Masabata atatu, kenako ana, kenako sukulu yapafupi, kenako zaka zomwe sankatha kuziwerenga, zonsezo m'kachipinda komwe iye sanali mwini wake.

Mkazi wa Kangaude anali pa geti, jekete lili pa mkono, akuweruka. Anaima ngati wodikira basi, koma maso ake anali pa thumba la malaya a Chikwama. Iye anapisamo dzanja, natulutsa kiyi wachiwiri wa loko watsopano uja. Anafuna kumuponya pansi kuti mayiyo atole yekha. Anamuika m'dzanja lake.

"Zikomo, bambo." Anamanga kiyiyo pa ngodya ya mpango. "Masana chipindacho n'chanu, chitani zomwe mukufuna. Koma usiku musamakhalemo. Sakonda kuyang'aniridwa akamagwira ntchito."